Chinjoka ndachivomera, koma asilikali onsewa adya chiyani?

Nkhondo za m'maiko opeka, maiko aja a zinjoka zolavula moto, amatsenga a ndevu zoyera ndi mafumu a malupanga, zili ndi otsatira ambiri masiku ano, ndipo ine ndine mmodzi wa iwo. Chinjoka sindilimbana nacho. Wolemba akandiuza kuti m'dziko lake muli chilombo cha mapiko chotha kusungunula mpanda wa miyala, ndimavomera ndi mtima wonse, poti dzikolo ndi lake. Chimene chimandikanika kumeza ndi gulu la asilikali 100,000 loyenda milungu itatu m'chipululu popanda ngolo ya chakudya ngakhale imodzi, kenako n'kufika kunkhondo anthu ali ndi mphamvu zawo, akavalo ali see kunenepa.

Maganizo anga ndi akuti luso la nkhondo m'nthano zoterezi limaonekera pa nkhokwe, pa msewu ndi pa kuwerenga masiku. Kuthamangitsana kwa akavalo ndi kulira kwa malipenga kumabwera pamapeto penipeni, nkhondo itagamulidwa kale ndi zinthu zimene kanema sakonda kuonetsa. Wolemba amene sadziwa kumene asilikali ake akutenga chakudya sadziwanso chifukwa chimene mbali ina yapambanira, ndiye mapeto ake amangoitana matsenga kuti amupulumutse.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Munthu woyenda tsiku lonse atasenza chishango ndi mkondo amafunika kilogalamu imodzi ya ufa kapena tirigu pa tsiku, ndipo apa ndiwo sitinazitchule. Asilikali 100,000 ndiye kuti matumba 2,000 a makilogalamu 50 tsiku lililonse, lero, mawa ndi mkuja. Kavalo wa kunkhondo amadya pafupifupi makilogalamu 10 a udzu ndi mbewu, n'kumwa ndowa imodzi kapena ziwiri za madzi. Aliyense amene anagwirapo mthiko pamaliro a anthu mazana atatu akudziwa mmene ufa umathera, mmene nkhuni zimasowera, ndi mmene amayi amatopera ndi ulendo wa kumjigo. Chulukitsani zimenezo kambirimbiri, ndipo anthuwo akhale akusamuka m'mawa uliwonse. Komanso msewu ukakhala wopapatiza, gulu lalikulu chotere limatalika makilomita ochuluka, moti akutsogolo amayamba kumanga misasa akumbuyo asananyamuke pomwe anagona.

Mwa olemba onse a nthano za mtunduwu, amene ndimamupatsa ulemu pankhaniyi ndi J.R.R. Tolkien, mwini wa The Lord of the Rings, buku lomwe linatuluka mu 1954 ndi 1955. Munthuyu nkhondo anaiona ndi maso. Mu 1916 anali ku Somme m'dziko la France, m'gulu la Lancashire Fusiliers, ali mkulu woyang'anira za mauthenga, ndipo chimene chinamuchotsa kumeneko si chipolopolo ayi, koma malungo ofalitsidwa ndi nsabwe za m'maenje obisalamo asilikali. Ntchito yake inali ya mawaya a lamya, mbendera ndi anyamata othamanga ndi makalata. Ndikhulupirira kuti n'chifukwa chake m'buku lake uthenga umatenga masiku kuti ufike, kavalo amatopa, ndipo mfumu imafunsa za chakudya isanafunse za ulemerero.

Taonani zimene zimachitika mthenga wa ufumu wa Gondor, womwe adani akufuna kuuthira nkhondo, atafika kwa Théoden, mfumu ya Rohan, ndi muvi wofiira wopempha thandizo. Théoden sakudumpha n'kukwera kavalo nthawi yomweyo. Akuwerenga. Akuti akanatha kutumiza mikondo 10,000, koma sangasiye malinga a kwawo opanda alonda, ndiye apita ndi 6,000. Akukumbutsa mthengayo kuti ulendo ndi wautali, makilomita pafupifupi 500, ndipo anthu ndi akavalo omwe ayenera kukafika ali ndi mphamvu zomenyera nkhondo. Kenako akufunsa ngati mumzinda wa Minas Tirith, likulu la Gondor, muli chakudya chokwanira, chifukwa kuti afulumire ayenera kunyamula kamba wochepa, wongowafikitsa pabwalo la nkhondo. Mthenga akuyankha kuti nkhokwe zinadzazidwa kale. Kukambirana kumeneku n'kwakufupi, mwina theka la tsamba, koma ndi komwe kumapangitsa kuti kuthamanga kwa akavalo pachigwa cha Pelennor, kutsogolo kwa mzindawo, kukhale ndi kulemera. Owerenga akudziwa kuti anthu awa alibe chobwerera nacho. Akalephera kulowa mumzinda, njala iwamaliza ngakhale adani atawasiya.

Mdani nayenso si chitsiru m'bukuli, ndipo apa ndi pomwe olemba ambiri amagwa. Mdaniyo, Sauron, wolamulira dziko la Mordor, asanazinge mzinda, wayamba waudula manja. Watumiza zombo za ogwirizana naye a ku Umbar kukaopseza madera a kum'mwera a Gondor, ndiye mafumu ang'onoang'ono a kumeneko akuopa kusiya midzi yawo pambalambanda. Anthu a mumzinda akuima pampanda kuwerenga obwera kudzathandiza, ndipo onse pamodzi sakufika 3,000. Kumene ankayembekezera amuna 2,000 kwabwera 200 okha. Zombozo sizinaponye muvi ngakhale umodzi pa Minas Tirith, koma zachotsa kale asilikali zikwi zambiri pampanda wake. Gulu lina la Sauron lawoloka mtsinje wa Anduin pachilumba cha Cair Andros n'kutseka msewu wa kumpoto womwe okwera akavalo a Rohan anayenera kudzera. Ameneyu ndi mtsogoleri wodziwa mapu, wodziwa kuti mzinda umagwa ukasowa obwera kudzaulanditsa.

Nanga a Rohan anadutsa bwanji? Anapulumutsidwa ndi anthu a m'nkhalango, onyozeka, ovala udzu, amene mafumu ankawasaka ngati nyama. Mkulu wawo, Ghân-buri-Ghân, anawerenga adani amene anatseka msewu, anadziwa kuti ndi ochuluka kuposa a Rohan, ndipo anawalondolera m'njira yakale ya ngolo zonyamula miyala imene eni dziko anali ataiiwala. Gawo limeneli ndimalikonda kwambiri, chifukwa ndi mmene nkhondo zenizeni zimayendera. Wodziwa njira, wodziwa powolokera mtsinje ndi pamene pali chitsime, nthawi zambiri ndi munthu wamba amene dzina lake sililowa m'nyimbo.

Anthu ambiri kwathu nkhaniyi anaidziwira m'mafilimu a Peter Jackson, ndipo mafilimuwo ndi okoma, sindikana. Koma pali zinthu zimene anachotsa zomwe zinatenga nzeru ya nkhondoyo n'kupita nayo. M'buku, Pelennor ndi minda, muli nkhokwe, makola ndi mitengo ya zipatso, zonse zozunguliridwa ndi mpanda wautali. Ndi mimba ya mzindawo. Mufilimu ndi dambo lopanda kanthu, moti umadabwa kuti anthu a mumzinda waukulu chonchi amadya miyala kodi. M'buku, amayi, ana ndi okalamba akuchotsedwa pa ngolo kupita kum'mwera nkhondo isanafike, zimene zikuchepetsanso pakamwa podyetsa. Mufilimu ali momwemo, akuthawathawa m'misewu. Chachikulu kwambiri ndi gulu lankhondo la mizukwa limene likumenyera mbali ya Gondor. M'buku, Aragorn, woyenera kulowa ufumu wa Gondor, akuligwiritsa ntchito malo amodzi okha, padoko la Pelargir, kuopseza eni zombo. Akatero akulimasula, ndipo zombozo zikudzazidwa ndi amuna amoyo a kum'mwera, omwe aja anakanika kubwera poyamba. Ndiye kuti Aragorn wamasula mfundo yeniyeni imene Sauron anamanga. Mufilimu mizukwa ikufika mpaka pamzinda n'kusesa adani onse m'kanthawi kochepa, ndipo munthu woganiza amafunsa kuti nanga Théoden ndi anthu ake anaferanji.

Wina anena kuti, achimwene, izi ndi nthano, mukuvutikiranji kuwerenga matumba a ufa m'dziko lomwe mitengo imayenda? Funsoli ndi lomveka ndipo silofunika kulinyoza. Yankho langa ndi lakuti wolemba yemweyo ndi amene anasankha kuti asilikali ake akhale anthu. Amatuluka magazi, amalira, amakonda, amaopa imfa. Akufuna kuti ndiwamvere chisoni chifukwa ali ndi thupi ngati langa. Sangandipemphe kuti ndikhulupirire bala la lupanga koma ndiiwale m'mimba. Akafuna asilikali osadya, anene poyera kuti ndi mizukwa, ndipo ndivomera, koma pamenepo ayeneranso kutsatira zotsatira zake: mdani wosadya, wosagona, wosadwala sangagonjetsedwe pomuzinga, ndiye olimbana naye ayenera kupeza nzeru ina. Matsenga amasintha masamu a nkhondo, sawathetsa.

Chinjoka chenichenicho chimabweretsa mafunso ambiri kuposa amene chimayankha. Ngati mbali imodzi ili ndi chilombo chouluka cholavula moto, ndani angasonkhanitsenso asilikali ake pamalo amodzi pachigwa? Mtsogoleri wanzeru angawamwaze m'timagulu, aziyenda usiku, azibisala m'nkhalango ndi m'mapanga, ndipo mphamvu zake zonse angaziike pofuna kupha chilombocho chili pansi, chikudya kapena chikugona. Mpanda wautali ungasanduke msampha. Ndipo mwini chinjoka, akakhala woganiza, sangayambe ndi asilikali. Angayambe ndi milatho, zombo ndi ngolo za chakudya.

Sewero la pa kanema la Game of Thrones linafika pafupi ndi nzeru imeneyi kenako n'kuitaya. M'gawo lachisanu ndi chiwiri, chinjoka cha mfumukazi Daenerys chikutentha mzere wa ngolo za adani zodzaza ndi zokolola, nyengo ya chisanu ya zaka zambiri ili pakhomo. Chimenecho chinali chinthu chachikulu, chofunika kutsatiridwa: watentha chakudya chimene anthu omwe akufuna kuwalamulira akanadya. Kumayambiriro kwa gawo lomaliza mu 2019, Sansa Stark akufunsa poyera kuti gulu lalikulu limene lafika ku linga la kwawo la Winterfell alidyetsa chiyani, ndi kuti zinjoka zimadya chiyani. Funso labwino zedi, koma likungothera pomwepo. Usiku wa nkhondo yolimbana ndi gulu la akufa odzutsidwa ndi matsenga ukafika, okwera akavalo a Dothraki akutumizidwa okha kutsogolo mumdima, kukagunda mdani amene sakumuona komanso amene sadziwa mantha. Makina oponya miyala aikidwa kutsogolo kwa asilikali a pansi m'malo mwa kumbuyo. Dzenje la moto lili kumbuyo kwa asilikali ake omwe, kuwatsekera pothawira. Amayi ndi ana abisidwa kumanda a pansi pa nyumba, pomwe mdani ndi wodzutsa mitembo. Anthu ali ndi linga lolimba koma asankha kukamenyera kunja kwake. Malupanga amoto akuzima limodzilimodzi patali anali okongola kuwaona, koma kukongolako kunagulidwa posandutsa atsogoleri onse a m'nkhaniyo mbuli, anthu amene kwa zaka zisanu ndi zitatu tinauzidwa kuti ndi akatswiri.

Mbiri yeniyeni ilibe chifundo pankhaniyi. Napoleon analowa m'dziko la Russia mu June 1812 ndi asilikali oposa 400,000, ndipo ambiri mwa amene sanabwerere sanaphedwe pabwalo la nkhondo. Anatha ndi njala, matenda, kuzizira ndi kuthawa, ndipo gululo linali litachepa kale kwambiri lisanaone n'komwe Moscow, chifukwa eni dziko ankabwerera m'mbuyo akutentha zonse.

Koma sitifunika kupita ku Russia. Chaka chomwecho cha 1916 chimene Tolkien anali m'matope a ku Somme, gulu la General Edward Northey linanyamuka kumalire a kumpoto kwa Nyasaland kulowa m'dziko lomwe linali m'manja mwa Germany, komwe lero ndi Tanzania, kukasaka mkulu wa asilikali a Germany kumeneko, Paul von Lettow-Vorbeck. Kunalibe njanji kumeneko, misewu inali yochepa, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Nkhondo ya Chiwaya, kutanthauza nkhondo yoyamba ya dziko lonse, inayenda pamitu ya agogo athu. Olemba mbiri amati amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anagwira ntchito ya mtengatenga, kuchuluka kwake kuposa kutalitali amene ananyamula mfuti. Masamu ake ndi ankhanza. Munthu wosenza katundu wa makilogalamu 25, nayenso amadya kilogalamu imodzi pa tsiku. Akayenda masiku khumi kupita ndi khumi kubwerera, wadya makilogalamu 20, ndipo kwa msilikali kwafika asanu okha. Ndiye pamafunika onyamula chakudya cha onyamula chakudya, ndipo mzere ukatalika kwambiri palibe chimene chimafika. Pamene masamu akana, akuluakulu a nkhondo amachepetsa phoso la wonyamulayo, kapena kulanda nkhokwe za m'midzi ya m'njira. Anthu ambiri anafa ndi kamwazi, chibayo ndi kutopa, ndipo kumudzi minda inagonera chifukwa amuna kunalibe.

Apa ndi pomwe nkhaniyi imandikhudza mtima, ndipo ndi chifukwa chake sindiitenga ngati masewera a anthu okonda mapu. Gulu lankhondo losadya la m'nthano limabisa anthu. Limabisa mlimi amene nkhokwe yake yaphwasulidwa, mayi amene wapera ufa usiku wonse mkondo uli pakhosi, mnyamata amene wagwidwa kuti asenze mivi. Asilikali akaoneka kuti akuyenda popanda ngolo, m'moyo weniweni ndiye kuti akudya za eni dera, ndipo "ankhondo abwino" amachita zimenezi chimodzimodzi ndi oipa. Nthano imene imachotsa zonsezi imaphunzitsa achinyamata kuti nkhondo ndi nkhani ya ngwazi ziwiri ndi nyimbo yokoma kumbuyo, kuti mtengo wake amalipira ndi okhawo amene anasankha kugwira lupanga. Bodza limeneli ndi lakale, ndipo andale a m'maiko ambiri amalikonda.

Tolkien sanabise zonse. Frodo ndi Sam, tianthu tiwiri topita kukawononga mphete ya mphamvu ya Sauron, ali m'dziko louma la Mordor, akuona misasa ya adani yosawerengeka, ndipo funso la chakudya likubuka. Wolemba akuyankha kuti kum'mwera, m'mbali mwa nyanja ya Núrnen, kuli minda ikuluikulu yolimidwa ndi akapolo, ndipo misewu yochokera kum'mawa ndi kum'mwera imabweretsa mizere ya ngolo za katundu ndi akapolo atsopano. M'mphepete mwa misewu ya asilikali muli zitsime zomangidwa. Mphamvu ya Sauron yaima pa misana ya anthu. Komabe apa ndili naye mlandu. Akapolo amenewa akuwatchula m'mizere yowerengeka, kenako kumapeto akungonena kuti mfumu yatsopano, Aragorn, inawamasula n'kuwapatsa minda ija. Palibe ngakhale mmodzi amene tikumva dzina lake kapena mawu ake. Ndipo palibe mkulu wankhondo wa Gondor amene akuganiza zoti anthu amenewa, atadzutsidwa, akanatha kuumitsa Mordor ndi njala. Mafumu, ngakhale abwino, sakuwaona.

Chimene ndimamukhululukira nacho ndi mmene anamangira chimake cha nkhondo yonseyo. Atapambana pa Pelennor, akuluakulu akukhala pansi, ndipo wamatsenga wotchedwa Gandalf akuwauza mosabisa kuti kupambana ndi zida n'kosatheka, chifukwa zimene aphwanyazo ndi gawo chabe la mphamvu za mdani. Ndiye akunyamuka ndi asilikali 7,000 okha kupita ku chipata cha Mordor, atasiya ena olondera mzinda ndi okwera akavalo otchinga msewu wa kumpoto. M'njira ena akugwidwa ndi mantha, ndipo Aragorn sakuwapha kapena kuwanyoza, akuwapatsa ntchito imene angaithe, yokalanda Cair Andros. Pachipata akufika osakwana 6,000. Ulendo wonsewu ndi nyambo. Cholinga chake n'chakuti Sauron atulutse asilikali ake onse m'chigwa cha mkati, maso ake ayang'ane kumpoto, kuti tianthu tiwiri tonyamula mphete tidutse. Ndipo nyamboyo ikugwira chifukwa amudziwa mdani wawo: iye sangaganize kuti munthu wopeza chida champhamvu chotere angafune kuchiwononga, ndiye akaona Aragorn akubwera modzikuza ndi gulu lochepa, akhulupirira kuti mpheteyo ili ndi iyeyo. Nzeru imeneyi yatuluka m'khalidwe la anthu a m'nkhaniyo, m'kutalika kwa misewu ndi m'kuchepa kwa asilikali. Palibe chimene chagwa kuchokera kumwamba kupatula ziombankhanga, ndipo izo zikufika ntchito yaikulu itagwirika kale ndi miyendo.

Ndikudziwa kuti pali achinyamata amene ayamba kulemba nthano zawo za maufumu opeka m'Chichewa, ena pa Facebook, ena m'makope. Kwa iwo ndikuti musatengere zigwa za chipale ndi nyumba za miyala za ku Ulaya pokhapokha ngati nkhani yanu ikuzifunadi, ndipo musatengere ulesi wa mafilimu. Dziko lofanana ndi lathu lili ndi malamulo ake a nkhondo. M'zaka za m'ma 1800, magulu ankhondo ankakonda kuyenda m'chilimwe, anthu atakolola, mitsinje itaphwa, udzu utapsa, chifukwa ndi pamene nkhokwe zili zodzaza ndipo njira zikupitika. Ozingidwa ankamanga malinga kapena kukwera m'mapiri, ndipo funso la moyo ndi imfa linali lakuti madzi ali mkati mwa linga kapena kunja. Mfumu ya m'nthano yanu ikafuna kutumiza nkhondo mu February, mvula ili pakati, chimanga chisanache, mundiuze kuti mitsinje awoloka bwanji, mabwato ndi a yani, ndipo ndani akupalira minda ya amuna amene atengedwawo. Mfiti ya mfumuyo ikhoza kuitana mphenzi, ndilola. Koma mundionetsenso nduna imene yagwada pabwalo kuuza mfumu kuti ufa watsala wa masiku anayi, ndi zimene mfumuyo yasankha kuchita ndi mudzi umene uli kutsidya kwa mtsinje.